Khansala wa ku Blantyre ndi ana amene sanalembedwe: lipoti la kafukufuku wa banja lina

Lipotili ndalembera anzanga amene timagwira ntchito yofufuza mbiri za mabanja m'zolemba zakale. Mayina a anthu, dzina la mudzi ndi nambala ya puloti ndazibisa, chifukwa zidzukulu zilipo, zina kuno zina kunja. Banja linalola kuti nkhaniyi ifotokozedwe motere.

Pempho la banja

Amene anabwera ndi bambo wa zaka za m'ma 40 pamodzi ndi mayi ake a zaka zoposa 70. Nkhani ya pamtundu pawo inali yakuti agogo aamuna a mayiwo anali mzungu wa ku Scotland, mwini sitolo ndi malole ku Blantyre m'nthawi ya atsamunda, ndipo anakhalapo meya wa tauniyo. Mzunguyo anabereka ana awiri mwa mayi wina wa Chimang'anja amene ankagwira ntchito pakhomo pake. Mmodzi mwa anawo, wamkazi, ndiye anabereka mayi okalambawa.

Bamboyo ankafuna zinthu zitatu ndipo sanabise: umboni wakuti mzunguyo analidi meya, puloti ina ya m'tauni imene ankamva kuti inali ya banja, ndi mapepala omuthandiza kupita ku Britain. Mayi ake anadikira kuti atsirize, kenaka anati: "Za malozo ine sindizidziwa, mwanangu. Ndingofuna dzina lawo lenileni. Amayi anamwalira akungotchula dzina limene antchito ankawaitana."

M'manja mwawo munali chithunzi chimodzi cha mzungu ataima pakhonde la sitolo, chopanda cholembedwa kumbuyo, ndi bokosi lachitsulo la zovala lokhala ndi zilembo ziwiri pachivundikiro, utoto wake utafufuma moti chilembo chachiwiri chinkaoneka pokhapokha ukaliyika padzuwa chammbali. Kupatula izi, panali dzina lachichewa lija basi.

Ndinasankha zinthu ziwiri ndisanatsegule buku lililonse. Choyamba, tinalemberana kuti amandilipira chifukwa chofufuza, osati chifukwa cha zimene zipezeke, ndipo zofuna zitatu zija ndinazilemba padera chilichonse. Munthu akabwera ndi nkhani ya malo amakhala atamanga kale nyumba m'mutu mwake, ndiye mukapanda kugwirizana poyamba, tsiku lopereka lipoti mudzatchedwa wakuba. Chachiwiri, ndinapempha kucheza ndi mayiwo paokha, mwana wawo kulibe. Pamaso pa mwana ankangovomereza zonena zake. Ali okha anakumbukira zambiri: kuti amayi awo anaphunzira ku Mishoni ya Blantyre akugonera konko, kuti fizi "inkachokera kusitolo", kuti mzunguyo anadzakwatira mkazi wachizungu ndipo agogo awo aakazi anabwezedwa kumudzi ndi makina osokera, komanso kuti malole ake ankanyamula fodya kuchokera kuchigawo chapakati. Mfundo zinayi zimenezi ndi zimene zinayendetsa kafukufuku yense. Za umeya sanazitchule n'komwe mpaka nditafunsa.

Kupeza munthu wake

Azungu ambiri a nthawi imeneyo ankadziwika ndi mayina opatsidwa ndi antchito. Chitsanzo chimene aliyense amachidziwa ndi Mandala, dzina limene linachokera ku magalasi a John Moir wa kampani ya African Lakes mpaka linamatirira kampani yonse. Vuto n'lakuti mayina otere salowa m'mabuku a boma. Choncho dzina lachichewa ndinaliika pambali kuti lidzagwire ntchito yotsimikizira, ndipo ndinayamba ndi zilembo ziwiri za pabokosi, sitolo ndi malole.

Apa pali chinthu chimene anzanga atsopano amafulumira nacho. Akamva kuti moto unatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba mu 1919 n'kuwononga zolemba zambiri za zaka zoyambirira za utsamunda, amagwa mphwayi ndi munthu aliyense amene anafika kuno chakacho chisanakwane. Koma wamalonda sakhala m'mafaelo a boma okha. Amakhala m'nyuzipepala, chifukwa ayenera kutsatsa. Amakhala mu gazeti ya boma, chifukwa ayenera kutenga ziphaso, ndipo akagwa ndi ngongole amalengezedwa momwemo. Izi zinasindikizidwa zambirimbiri ndipo moto umodzi sukanazimaliza. Ndinagawa ntchito pakati pa National Archives ku Zomba ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, ndikuwerenga Nyasaland Times chaka ndi chaka, maso ali pa zotsatsa malonda.

Anthu okhala ndi zilembo zimenezo anapezeka angapo. Wina anali mlimi wa tiyi ku Mulanje amene sanakhalepo ndi sitolo, wina anafika mochedwa kwambiri kuti n'kukhala bambo wa mwana wobadwa nthawi imeneyo. Anatsala mmodzi, amene ankatsatsa sitolo ya katundu wosiyanasiyana ndipo pambuyo pake anawonjezera mawu akuti amanyamula katundu pa malole. Chotsimikizira chinachokera m'nkhani yolengeza imfa yake, mmene wolemba anatchula mongodutsa dzina limene anthu akuda ankamuitana. Linali lomwe lija, kungoti linalembedwa mokhotakhota monga ankalembera azungu.

Moyo wake monga mapepala akuusonyezera

Anafika ku Nyasaland ali mnyamata, njanji ya Shire Highlands itangofika kumene ku Blantyre mu 1908, ngati kalaliki wa kampani ina yamalonda ya ku Scotland. Inali nthawi yabwino kwa mnyamata wodziwa kuwerengera ndalama. Chaka chomwecho kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale ku Limbe, ndipo katundu amene kale ankabwera pamitu ya amtengatenga anayamba kufika pasitima. Kontrakiti yake itatha sanabwerere kwawo, anatsegula sitolo yakeyake. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene inapha amtengatenga ambiri a kuno ponyamula katundu wa asilikali, kwa iye inali nyengo yokolola, pakuti pambuyo pake ndi pamene akuoneka akugula malo m'tauni.

Kukwera kwake kwenikweni kunabwera ndi fodya. Kuyambira 1919 Britain inachepetsa msonkho pa fodya wochokera m'maiko ake, ndipo m'zaka za m'ma 1920 alimi akuda a ku Lilongwe ndi Dowa anayamba kulima fodya wochuluka, moti boma linakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926 kuti lizilamulira malondawo. Fodya ameneyo ankayenera kufika ku Limbe, koma njanji inali isanapite kumpoto. Amene anali ndi malole ndiye anadya bwino, ndipo munthu wathuyu anali mmodzi wa iwo. M'zaka zomwezo anakwatira mkazi wochokera kwawo, ukwati umene nyuzipepala inaulemba mpaka zovala za mkwatibwi, ndipo analowa m'khonsolo ya tauni.

Sanakhalepo meya. Dzina lake likupezeka pakati pa makhansala kwa zaka zingapo, makamaka m'komiti yoona za misewu ndi ukhondo, ndipo pamisonkhano ina anakhalirapo pampando mwini wake atachoka. Ndikhulupirira kuti umeya wa m'nkhani ya banja unachokera pamenepo, kapena kungoti kwa munthu wa kumudzi mzungu aliyense wolowa m'holo ya tauni atavala jekete anali bwana wa tauni.

M'pofunika kumvetsa kuti khonsolo imeneyo inali chiyani, chifukwa mabanja amaganiza za khonsolo ya lero. Blantyre inali ndi khonsolo kuyambira m'zaka za m'ma 1890, ndipo Limbe inali ndi yakeyake mpaka matauni awiriwa ataphatikizidwa mu 1956. Inali khonsolo ya eni malo olipira msonkho wa nyumba, ndipo mphamvu zinali m'manja mwa azungu amalonda ndi oimira makampani akuluakulu. Anthu akuda, amene ndiwo ankasesa misewu ndi kutaya zonyansa za m'zimbudzi za ndowa, analibe voti. Wamalonda sankalowa m'khonsolo chifukwa chokonda ndale. Ankalowa chifukwa khonsolo ndiyo inkasankha msewu woyamba kukonzedwa, kukula kwa msonkho wa puloti yake, ndi kumene wopikisana naye waloledwa kumanga. Mukawerenga zokambirana za komiti ya misewu muli ndi mapu a malo a makhansala pambali, zambiri zimadziulula zokha. Munthu wathuyu anali wolimbikira kwambiri pa nkhani ya milatho yolimba yoti malole olemera azidutsa nthawi ya dzinja, ndipo sindimuweruza pa chimenecho, pakuti milathoyo inathandiza aliyense.

Chimene chinandiimitsa ndi msonkhano wina umene unakamba za nyumba za anthu akuda zimene zinamangidwa pafupi ndi malire a tauni. Makhansala ankati zikubweretsa matenda ndipo zichotsedwe, anthuwo asunthire kutali. Maganizo otere anali ofala, ndipo ndi amene anachititsa kuti antchito a m'tauni adzazane m'malo ngati Ndirande, kunja kwa malire, kumene khonsolo sinkawononga ndalama pa madzi kapena misewu. Amene anavomereza ganizolo kuti lipite patsogolo anali munthu wathuyu. Malinga ndi zimene mayi aja anandiuza tili awiri, dera limene linkakambidwalo ndi lomwe agogo awo aakazi ankakhala ndi makina awo osokera, atachoka kumudzi kuti akhale pafupi ndi ana amene anali kumishoni.

Ndinaganizira ngati ndiike zimenezi mu lipoti. Palibe anandifunsa, ndipo sizinkathandiza pa chilichonse mwa zofuna zitatu zija. Ndinaziika, koma monga zilili, tsamba la nyuzipepala ndi tsiku lake, popanda ndemanga yanga, ndipo ndinalemba poyera kuti kugwirizana kwa deralo ndi kumene agogo ankakhala kukuchokera m'mawu a munthu mmodzi. Chifukwa changa n'chakuti lipoti limakhala nthawi yaitali kuposa amene analipempha. Mdzukulu wina adzapeza tsamba lomwelo, ndipo akadzaona kuti ndinalidumpha, adzakayikira zina zonse.

Kugwa kwake kunabwera pawiri. Mitengo ya fodya itagwa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, alimi ambiri achizungu amene ankatenga katundu pangongole m'sitolo yake analephera kubweza. Kenaka mu 1935 mlatho wa pa Zambezi unatsegulidwa ndipo njanji inafika ku Salima, moti fodya wa chigawo chapakati sanafunikirenso ulendo wonse wa pa lole mpaka ku Limbe. Pasanapite nthawi yaitali, gazeti ikusonyeza katundu wake ali m'manja mwa omulondola ngongole. Anabwerera ku Scotland ndi mkazi wake wachizungu ndipo anamwalira konko nkhondo yachiwiri isanayambe.

Kufunafuna mayi ndi ana

Zonse zimene ndafotokozazi zinapezeka mosavuta, chifukwa tauni ya atsamunda inkalemba chilichonse chokhudza mwini malo, ngakhale chikho chimene anapambana pa masewera. Za mayi wa Chimang'anja ndi ana ake munalibe ngakhale mzere umodzi. Nkhani yolengeza imfa yake inati wasiya mkazi ndi mwana mmodzi, kutanthauza wobadwa mwa mkazi wachizungu uja.

Lamulo lolembetsa ana obadwa la 1904 linkakakamiza anthu osakhala akuda okha. Mwana wa mzungu ndi mayi wakuda ankagwera pakati: bambo akafuna ankatha kumulembetsa, akapanda kufuna mwanayo ankawerengedwa wa kwa mayi ake, ndipo m'mbumba ya Chimang'anja zimenezo sizinali zachilendo, pakuti mwana ndi wa kuchikazi. Nkhani yakuti anthu otere ndi "mbadwa" kapena ayi inafika mpaka ku khoti lalikulu ku Blantyre mu 1929, chaka chomwe ena mwa iwo anayambitsa bungwe la Anglo-African Association. Ana athu awiriwa sanalembetsedwe.

Ndinatembenukira ku mabuku a mpingo. Mishoni ya Blantyre, imene inayamba mu 1876 ndipo lero ili pansi pa sinodi ya Blantyre ya CCAP, inkalemba maubatizo ndi ana asukulu. Ana awiri aja anapezeka, obatizidwa tsiku limodzi, dzina la mayi lilipo, malo a dzina la bambo angojambulidwa kamzere. Kamzere sikapereka umboni. Koma mawu a mayi aja akuti fizi "inkachokera kusitolo" anandipangitsa kufunsa ngati pali mabuku a ndalama a sukulu yogonera. Mwa amene anatsala, dzina la sitolo ya munthu wathuyu likupezeka teremu ndi teremu moyang'anizana ndi mayina a ana awiriwo, ndipo kulipirako kunapitirira ngakhale atakwatira mkazi wachizungu. Kunaleka chaka chimene bizinesi inayamba kugwa. Chaka chotsatira dzina la mwana wamwamuna likusowa m'kaundula, ndipo pambali pake wina analemba kuti wapita ku Salisbury (Harare ya lero) kukafuna ntchito.

Anzanga, pamene bambo wachizungu sanafune kulemba dzina lake, tsatirani ndalama. Mlembi wa ubatizo ankatha kusiya mpata pofuna kusunga ulemu wa bwana, koma msungichuma sakanatha, chifukwa ankayenera kusonyeza kumene ndalama yachokera.

Umboni wachiwiri unachokera ku Scotland. Mawilo (zikalata zonena m'mene munthu akufunira kuti chuma chake chidzagawidwe akamwalira) a kumeneko ofika chaka cha 1925 amapezeka pa intaneti kudzera ku ScotlandsPeople, koma munthu wathuyu anamwalira pambuyo pake, choncho tinaitanitsa kope ku National Records of Scotland ku Edinburgh. Chuma chinali chochepa. Koma munali ndime yosiyira kandalama mayi wina wa ku Nyasaland, wotchulidwa dzina loyamba lokha ngati wantchito wake wakale, "ndi ana ake awiri". Sanalembe kuti ana anga. Dzinalo linali la agogo aja.

Mu lipoti ndinalemba kuti zinthu zinayi, mawu a banja, fizi, wilo ndi bokosi, zikuloza munthu mmodzi, ndipo ine monga wofufuza ndikukhutira kuti ndiye bambo wa anawo, koma palibe pepala limene iye mwini anavomerapo.

Puloti ndi ulendo wa ku Britain

Za puloti sizinatenge nthawi. M'kaundula wa zikalata za malo, mzere wa eni ake ndi wosaduka: munthu wathuyu anaigula nkhondo yoyamba itatha, anaikoleka kubanki, ndipo inagulitsidwa pobweza ngongole iye akali moyo. Kuchokera apo yadutsa m'manja angapo. Sinakhalepo m'chuma cha masiye, ndiye ngakhale anawo akanakhala olembetsedwa sakanailandira. Ndinawatumiza kwa loya kuti amve kuchokera kwa mwini ntchito, popeza ine si loya, ndipo anawauza zomwezo, n'kuwonjezera za malire a nthawi amene lamulo limaika pa milandu ya malo.

Za ku Britain zinali zopweteka kwambiri kwa bamboyo. Chitupa cholowera m'dzikolo kudzera mwa makolo chimaperekedwa kwa nzika ya dziko la Commonwealth imene agogo ake anabadwira ku Britain, ndipo sichikaniza amene agogo awo sanakwatirane. Koma chimathera pa agogo. Kwa bamboyo mzunguyu ndi agogo a mayi ake, m'badwo umodzi kupitirira malire. Amene akanatha kuyesa ndi mayi aja, koma chitupacho n'cha munthu wopita kukagwira ntchito, ndipo chimafuna zikalata za kubadwa zolumikiza mibadwo yonse, zomwe palibe. Mayiwo anaseka n'kunena kuti ku Lilongwe komwe amapita mokakamizidwa.

Ndinaona kuti ndi bwino kupereka zotsatira zonse tsiku limodzi, onse awiri alipo, kuyamba ndi dzina. Ndikanayamba ndi puloti, bamboyo akanatuluka dzina lisanatchulidwe. Mayiwo analitchula kangapo kuti lizolowere pakamwa, kenaka anafunsa ngati munthuyo anali wa mpingo. Tsamba la msonkhano wa khonsolo ndinawawerengera m'Chichewa. Anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti: "Fizi ankalipira, nyumba ankagwetsa. Anali mzungu wa nthawi yake, bambo." Mwana wawo sanalandire choncho. Ananena kuti mwina eni puloti a lero anandiona, ndipo anatenga lipotilo kupita nalo kwa munthu wina kuti alionenso. Ndinamupatsa manambala onse a mafaelo kuti asavutike. Ichi n'chifukwa china cholembera gwero la mfundo iliyonse: wokayika azikatsutsana ndi buku, osati ndi inu.

Zimene zinatsatira

Panatsala funso la abale a ku Scotland, zidzukulu za mkazi wachizungu uja. Kuwapeza sikunali kovuta, koma sindinapereke adiresi yawo kwa banja. Anthu amenewo sanapemphe kufufuzidwa, ndipo kalata yoyamba ikanakhala yotchula malo ndi chitupa, chitseko chikanatsekedwa mpaka kalekale. Tinagwirizana ndi mayi aja kuti ndilembe ine, kalata yaifupi yofotokoza zimene zapezeka, yonena poyera kuti palibe chimene akufunsidwa, ndi kuwasiyira ufulu wosayankha. Mmodzi sanayankhe. Wina, mayi wopuma pantchito, anayankha patapita miyezi, nati kubanja kwawo kunkamveka mphekesera za "ana a ku Africa" koma akuluakulu ankazikhalira. Anatumiza zithunzi, ndipo chimodzi chinali cha khonde lomwe lija la sitolo, chojambulidwa chapatali, ana awiri ataima pambali pa masitepe. Iye yemweyo ndiye anapempha zoyezetsa DNA. Ndinawafotokozera onse awiri kuti zotsatira zikhoza kuulula zina zimene sakuzifuna, anavomera, ndipo zinasonyeza ubale wa mlingo umene timayembekezera kwa zidzukulu za munthu mmodzi mwa amayi osiyana.

Bambo uja sanabwerenso, ngakhale ndamva kuti za puloti anazisiya. Kope la lipoti lili ndi mayi ake, lina ndi mchemwali wake, amene tsopano ndiye amalemberana ndi a ku Scotland.

Faelo sinatsekedwe. Mayiwo atamva za mawu a m'kaundula wa sukulu akuti mnyamata anapita ku Salisbury, anati ameneyo ndiye akufunika, chifukwa ndi malume awo, mwinimbumba amene banja linakhala lopanda iye zaka zonsezi, ndipo amayi awo ankamulira kuposa bambo wachizungu. Mchemwali uja wavomera kulipira gawo limeneli. Tili ndi dzina la ubatizo, chaka chimene anachoka, ndi mpingo umene anakuliramo, choncho tiyambira m'mabuku a mipingo ya anthu a ku Nyasaland ku Mbare ndi Highfield, kenaka zolemba za anthu olowa m'dziko la Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero) kudzagwira ntchito.